Tisafulumire kulengeza kuti tasinthika

Tsiku lina Lamulungu ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kupereka umboni. Ndinanena kuti ndinali munthu waukali, wosachedwa kupsa mtima, koma Mulungu wandichotsera mkwiyo wonse, tsopano ndine munthu watsopano. Anthu anaomba m'manja, ena anafuula "Aleluya", ndipo nditakhala pansi mkazi wanga anandigwira dzanja. Sindinkanama ayi. Zimene ndinanenazo ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse, pakuti kwa masabata angapo mtima wanga unali utazizira ndithu.

Patangopita masabata atatu, mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 6, anagunda kapu ya madzi patebulo, madziwo n'kukhuthukira pa mapepala a kuntchito amene ndinachezera kulemba usiku. Ndinakuwa mpaka mawu anga anamveka panja. Nkhope yake ndimaionabe mpaka lero. Anaima chilili, manja atakweza pang'ono ngati akudziteteza, milomo ikunjenjemera, misozi isanayambe n'kutsika komwe. Kenaka anagwira m'mphepete mwa diresi lake n'kuyamba kupukutira tebulo, uku akubwereza kuti, "Pepani ababa, pepani ababa."

Usiku umenewo tulo sindinatione. Chinandiwawa choyamba chinali mwanayo. Koma panalinso china chimene chinkandidya m'kati, umboni uja. Ndikawayang'ana bwanji anthu amene anandiombera m'manja? Mkazi wanga, amene anamva zonse ziwiri, umboni ndi kukuwa, akundiona ngati ndani? Lamulungu lotsatira ndinapeza chifukwa chosapitira kutchalitchi. Linzake ndinapezanso china. Inakwana miyezi iwiri.

Ndikulemba izi chifukwa ndaona kuti si ine ndekha. Pali kakambidwe kena ka kusintha kwa munthu kamene timakakonda kwambiri, ndipo kakupweteka anthu ambiri mwakachetechete. Timafuna nkhani ya mbali ziwiri zokha: kale ndinali chakuti, tsopano ndine chakuti. Ndinali chidakwa, tsopano mowa sindiufuna n'komwe. Ndinali wachiwerewere, tsopano maso anga sayang'ana kumbali. Nkhani zoterezi timazimva m'tchalitchi, timaziwerenga pa Facebook, timazimvanso kwa anthu olimbikitsa anzawo amene za Mulungu sazitchula n'komwe. Zaka za pakati, zakugwa ndi kudzuka, zopempha chikhululukiro kwa munthu yemweyo pa cholakwa chomwecho kachisanu, timazidula n'kuzitaya. Ine ndikuti zaka zimenezo ndizo kusintha kwenikweniko, ndipo tikamazibisa timanamiza amene akutimvera, ngakhale mawu athu onse atakhala oona.

Aliyense akafuna kunena za kutembenuka mtima kwadzidzidzi amathamangira pa njira ya ku Damasiko. N'zoona, Saulo, amene pambuyo pake anadziwika kuti Paulo, anagwa pansi, anamva mawu, anakhala masiku atatu osapenya, osadya, osamwa, mpaka Hananiya anabwera kudzamuika manja. Koma werengani zimene mwini wakeyo analembera Agalatiya. Akuti anapita ku Arabiya, n'kubwereranso ku Damasiko. Panapita zaka zitatu asanakaonane ndi Petro ku Yerusalemu, ndipo kumeneko anakhalako masiku 15 okha. Kuchoka apo anapita kumadera a Siriya ndi Kilikiya, ndipo buku la Machitidwe likusonyeza kuti anali Barnaba amene anachita kukamufuna ku Tariso. Ulendo wina wa ku Yerusalemu akuutchula patapita zaka 14. Ife timalalikira masiku atatu aja, zaka zonsezi n'kuzilumpha ngati mulibe kanthu.

Ndipo Paulo wotembenuka mtimayo sanasanduke mngelo. Anakangana ndi Barnaba yemwe uja, munthu amene anamuyimira pamene ena onse ankamuopa, mpaka anapatukana. Nkhani yake inali ya mnyamata Yohane Marko, amene anawathawa pa ulendo woyamba, ndipo Paulo sanafune kumupatsa mwayi wachiwiri. Koma m'kalata yachiwiri yopita kwa Timoteo tikumva Paulo akupempha kuti Marko abwere naye, chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Pakati pa mkangano uja ndi pempho ili palibe kuwala kochokera kumwamba kumene kwalembedwa. Pali zaka basi, ndi mtima umene unafewa pang'onopang'ono. Kwa Afilipi munthu yemweyu analemba poyera kuti sanafike, sanakhale wangwiro, akuthamangabe.

Petro nayenso. Anaona masomphenya, analowa m'nyumba ya Korneliyo, munthu wosakhala Myuda, ananena ndi pakamwa pake kuti Mulungu alibe tsankho. Koma ku Antiokeya, atafika anthu ochokera kwa Yakobo, mantha anamugwira, n'kusiya kudya pamodzi ndi anthu a mitundu ina, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Uyu ndi Petro wa pambuyo pa Pentekoste, amene analalikira anthu 3,000 n'kutembenuka tsiku limodzi. Mantha omwe aja amene anamukanitsa Mbuye wake pabwalo la mkulu wa ansembe anali adakalimo, atangovala malaya ena.

Pa machiritso onse a m'Mauthenga Abwino, amene amandikhudza kwambiri ndi a munthu wakhungu wa ku Betsaida, m'mutu 8 wa Marko. Yesu anamutulutsa kunja kwa mudzi, anamuika manja, n'kumufunsa ngati akuona kanthu. Munthuyo akanatha kunena kuti, "Inde Ambuye, ndachira!" Ndani akanamutsutsa? Koma ananena zoona: akuona anthu, koma akuoneka ngati mitengo yoyenda. Yesu sanamukalipire kuti alibe chikhulupiriro. Anamuikanso manja kachiwiri, ndipo apo anaona zonse bwinobwino. Ndimadzifunsa kuti akanachita manyazi kuvomera kuti akuona mwachimbuuzi, akanapita kwawo ali wotani? Ambiri a ife tili pamenepo. Tikuonako ndithu, mdima uja unatha, koma anthu tikuwaonabe ngati mitengo, ndipo timaopa kunena chifukwa tinalengeza kale kuti tachira.

Pali munthu wina amene mbiri yake imandisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. John Newton, Mngelezi amene analemba nyimbo yotchuka ija ya Amazing Grace. Nkhani yake anthu amaikamba motere: anali wogulitsa akapolo, anakumana ndi namondwe panyanja, anafuulira Mulungu, anasiya zoipa zake n'kulemba nyimboyo. Zaka zake zikunena zina. Namondweyo anamupeza m'mwezi wa Malichi 1748, ali m'sitima yotchedwa Greyhound, chakufupi ndi Ireland. Anafuuliradi Mulungu, ndipo tsikulo ankalikumbukira chaka chilichonse mpaka imfa yake. Koma malonda a akapolo sanawasiye. M'malo mwake anakwera udindo, mu 1750 n'kukhala kaputeni wa sitima yonyamula akapolo, ndipo anayenda maulendo atatu pa udindo umenewo. Ankawerenga Baibulo ndi kupemphera pamwamba pa sitima, pansi pake muli anthu a ku Africa omangidwa maunyolo, atapanikizidwa ngati katundu. Ntchitoyo anaisiya mu 1754, ndipo chinamusiyitsa chinali matenda amene anamugwira mwadzidzidzi. Anadzozedwa ubusa mu 1764 n'kukatumikira ku Olney. Nyimbo ija inasindikizidwa mu 1779. Kabuku kake kotsutsa malonda a akapolo, m'mene anavomera poyera manyazi ake pa zimene anachita, kanatuluka mu 1788, patapita zaka 40 chichitikire namondwe uja. Anathandiza phungu wa Nyumba ya Malamulo, William Wilberforce, pa nkhondo yothetsa malondawo, ndipo anamwalira mu Disembala 1807, chaka chomwe Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inawaletsa.

Zaka 40 kuchokera pa kufuula koyamba kufika poona bwinobwino. Newton mwini wake anavomera pambuyo pake kuti sakanadziwerengera kukhala wokhulupirira weniweni mpaka patapita nthawi ndithu chichitikire namondweyo. Nkhaniyi imandilimbikitsa, komanso imandiopsa, ndipo mbali yoopsayo sindikufuna kuibisa, chifukwa ndi pamene pali mtsutso waukulu pa zonse ndikunenazi.

Mtsutsowo ndi uwu. Pamene Newton ankakula pang'onopang'ono, anthu ankafa pansi pa sitima yake. Kuchedwa kwake kunali ndi mtengo, ndipo amene analipira sanali iyeyo. Chimodzimodzi m'nyumba mwanga: pamene ine ndinkaphunzira kuugwira mtima, amene ankanjenjemera anali mwana wa zaka 6. Ndiye wina angandifunse kuti, kodi simukungopatsa anthu pobisalira? Mwamuna womenya mkazi wake azinena kuti Mulungu akugwirabe ntchito mwa ine? Wakuba ndalama za ana amasiye azipempha kuti timuleze mtima pakuti kusintha kumatenga nthawi? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo amene amalifunsa nthawi zambiri ndi amene anapsapo. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo alipodi anthu amene mawu akuti pang'onopang'ono anawasandutsa bulangete lofunda kuti asadzuke.

Yankho langa ndi lakuti pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kuzisokoneza. Pali zimene dzanja limachita, ndipo pali chimene mtima uli. Dzanja lingaleke lero, ndipo pamene likupweteka munthu wina liyenera kuleka lero, popanda kudikira kuti mtima ukonzeke kaye. Womenya asiye kumenya lero, ndipo ngati sangathe, womenyedwayo ali ndi ufulu wonse wochoka ndi kukapeza chitetezo, asamuuze munthu kuti apirire podikira kukula kwa mnzake. Wakuba abweze. Zakeyu sanapemphe zaka zoti aganizire, anaimirira pomwepo n'kulonjeza kubweza kanayi kwa amene anawanyenga. Tchimo la Newton silinali lakuti mtima wake unatenga nthawi kuti ufewe. Linali lakuti anapitiriza kukweza anthu m'sitima. Koma ngakhale dzanja litaleka, chimene chinkalituma chimakhala chidakalipo: dyera, mantha, kunyada, bala lakale limene silinapole. Chimenecho ndicho sichichoka ndi pemphero limodzi, ndipo amene akuganiza kuti chachoka ndi amene amagwa moipa, chifukwa amasiya kudzilondera. Ine ndinakuwira mwana wanga nthawi imene ndinali nditaleka kuopa mkwiyo wanga. Ndinkati kulibenso.

Ndiponso pali njira yosiyanitsira munthu amene akulimbana ndi munthu amene akubisala. Wolimbana amatchula cholakwa chake ndi dzina lake lenileni, amapepesa popanda kuwonjezera mawu akuti "koma nawenso", amalola ena kumufunsa mafunso owawa, ndipo mukamuyang'ana pa chaka, osati pa sabata, mumaona kuti mtunda wayendako. Wobisala amakamba za ulendo koma mapazi ali pomwe anali chaka chatha.

Sindikukana kuti alipo amene anamasulidwa tsiku limodzi. Ndinakumanapo ndi anthu amene anataya fodya kapena botolo kamodzi osabwereranso, ndipo ndilibe chifukwa chowakayikira. Tiyamike nawo. Koma afunseni bwino, mudzapeza kuti chimene chinachoka tsiku limodzi ndi chinthu chimodzi, pamene zina, kuuma mtima, nsanje, lilime, akulimbana nazobe ngati tonsefe. Cholakwika n'kutenga mphatso imene ena analandira pa chinthu chimodzi n'kuisandutsa muyezo wa aliyense pa zinthu zonse, kotero kuti amene sanalandire azidziona ngati Mulungu anamudumpha.

Ngakhale ofufuza za khalidwe la munthu anapeza zofanana. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chizolowezi chatsopano chimakhazikika pa masiku 21. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense atasankha kanthu kakang'ono koti azichita tsiku ndi tsiku, monga kumwa kapu ya madzi pa nthawi yake kapena kuthamanga pang'ono. Anapeza kuti nthawi yoti kanthuko kazichitika kokha, munthu osachita kudzikakamiza, inkasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254, ndipo pakatikati panali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa zonse. Ngati kumwa madzi kungatenge miyezi, nanga kusiya mkwiyo umene munthu anauphunzira ali mwana, poona m'mene akuluakulu ankalankhulirana m'nyumba? Abale athu Asilamu nawonso ali ndi nzeru imeneyi. Qur'an inatsika pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23, ndipo ngakhale lamulo loletsa mowa linabwera m'magawo, osati kamodzi. Amasunganso mawu a Mneneri Muhammad, odzera mwa mkazi wake Aisha, akuti ntchito zimene Mulungu amazikonda kwambiri ndi zimene munthu amazichita mosalekeza, ngakhale zikhale zazing'ono.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa umboni wa mbali ziwiri uja ndi zimene umachita kwa munthu amene wagwa. Umamusiyira njira ziwiri zokha, ndipo zonse ndi zoipa. Ina ndi kunamizira: kupitiriza kumwetulira, kuimba, kukweza manja, uku kunyumba zinthu zili zina, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Inayo ndi kuthawa, monga ndinachitira ine, poganiza kuti ngati ndagwa ndiye kuti zonse zija zinali zabodza, sindinasinthe, mwina Mulungu sanandikhudze n'komwe. M'miyezi iwiri ija funso limene linkandizunguza linali lakuti, kodi ine weniweni ndi uti, wa umboni uja kapena wokuwa uja? Ndinkaganiza kuti mmodzi mwa awiriwa ayenera kukhala wonama. Zinanditengera nthawi kuvomera kuti onse awiri ndine. Amene analakalaka kusintha ndine, amene anakuwa ndinenso, ndipo amene anagona osatseka maso chifukwa cha nkhope ya mwana wake ndinenso. Wachitatuyu kale kunalibe. Zaka za m'mbuyomo ndikakuwa ndinkagona tulo tabwino, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti wolakwa ndi amene wandiputa.

Anandibweza ndi amayi ena achikulire a mumpingo mwathu. Tinakumana panjira, ndipo sanandilole kudutsa ndi moni wokha. "Mwana wanga, mwasowa bwanji? Kapena mukudwala?" Ndinayesa kuzemba, koma anangoima n'kumandiyang'ana, mpaka ndinawauza zonse. Sanadabwe, sanandilalikirenso. Anati, "Ine ndinatembenuka mtima ndili mtsikana, koma lilime langali ndikulimbana nalobe mpaka lero, funsani apongozi anga. Mwanayo munamupepesa?" Ndinati ayi. Anati, "Yambani pamenepo. Lamulungu mubwere, mudzakhale pafupi ndi ine." Mawu amenewa anandithandiza kuposa maumboni onse a chigonjetso amene ndinamvapo, chifukwa anachokera kwa munthu amene aliyense ankamulemekeza, ndipo anandisonyeza kuti m'nyumba ya Mulungu muli malo a anthu amene sanamalize.

N'chifukwa chake ndikupempha abusa, mashehe, atsogoleri a magulu a achinyamata, ndi aliyense amene amapatsa anthu mpata wolankhula pagulu: tsegulani khomo la umboni wa mtundu wina. Munthu aziloledwa kuimirira n'kunena kuti, "Papita miyezi 8 chisiyireni mowa, ndinagwapo kawiri, dzulo ndinadutsa pamalo paja mtima ukugunda koma sindinalowe, ndipempherereni." Umboni woterewu suutsa nthungululu zambiri, koma pa mpando wakumbuyo pali mnyamata amene anagwa dzana, amene akaumva adzabweranso sabata yamawa. Magulu a Alcoholics Anonymous, a anthu othandizana kusiya mowa, amene anayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, anamanga ntchito yawo pa mfundo yofanana ndi imeneyi: munthu salonjeza za moyo wonse, amalimbana ndi tsiku limene lilipoli, ndipo ngakhale atakhala zaka zambiri osamwa sanena kuti nkhondo yatha. Ndipo inu amene mwangotembenuka kumene, chimwemwe chanucho n'chenicheni, musachikayikire. Koma musathamangire maikolofoni. Lolani a m'nyumba mwanu akhale oyamba kuona, pakuti iwo ndi amene amakudziwani mukatopa, mukakhala ndi njala, ndalama zikatha. Tsiku limene mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wanu adzanene yekha kuti mwasintha, umboniwo udzakhala wolemera kuposa wanu.

Madzulo a tsiku limene ndinakumana ndi amayi aja ndinamuitana mwana wanga, n'kugwada kuti maso athu alingane. Ndinamuuza kuti kutaya madzi si mlandu, wolakwa ndinali ine, ndipo ndikupepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye simudzakuwanso?" Pakamwa panga panali patadzaza kale "sindidzakuwanso", koma ndinameza. Ndinamuuza kuti ndikuyesetsa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndikadzalakwanso ndidzabwera kudzapepesa, iye asadzaganize kuti wolakwa ndi iyeyo.

Tsopano ali ndi zaka 11. M'zaka zisanuzi ndapepesa kangapo, chaka chilichonse mocheperako. Mwezi wathawu anabwereka foni yanga n'kuigwetsa pansi, galasi lake n'kung'aluka. Ndinamva kutentha kuja kukukwera kuchokera pachifuwa kupita kukhosi, ndipo mawu awiri anatuluka mokweza ndisanawagwire. Ndinatseka pakamwa, n'kutuluka panja. Ndinaima kuseri kwa nyumba, ndikupuma mwamphamvu, ndikupemphera pemphero la mawu ochepa limene ndalipemphera kambirimbiri. Nditalowanso ndinamupeza atakhala pampando, foni ili m'manja, akusisita mng'alu uja ndi chala. Manja sanakweze. Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ababa, lero mwabwerako msanga."